Funsani Malume: petulo wotchipa kuno kuchigwa amapezeka pati?

FUNSO

Malume, ndine wophunzira pa koleji ya zauphunzitsi kuno ku Chikwawa. Bambo anga aang'ono anandibwereka njinga yamoto ya Lifo kuti Loweruka ndi Lamulungu ndiziyendetsa kabaza pakati pa Dyeratu ndi paboma, ndizipezako ya sopo ndi ya fotokope. Vuto langa ndi petulo. Ndikaweruka madzulo n'kukhala pansi kuwerengera, ndimapeza kuti ndalama yambiri yathera m'thanki. Ku hositelo aliyense ndi katswiri. Wina akuti ku Blantyre ndiye kotchipa poti ndi m'tauni. Wina akuti ndizigula wam'mabotolo wochokera ku Mozambique. Wina akuti ndizimwetsa m'mamawa dzuwa lisanatuluke chifukwa petulo wozizira amakhala wambiri. Temu ikubwerayi tikupita ku TP, kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu, ndipo sindikudziwa kumene andiponye, mwina kutali ndi tala. Chonde ndiuzeni pamene ndingamagule petulo motsika mtengo kuno kuchigwa.

Wophunzira, Chikwawa

YANKHO

Mphwanga, pampu yotchipa kuno kulibe. Ku Dyeratu kulibe, ku Nchalo kulibe, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje paboma n'chimodzimodzi, ndipo ukakwera phiri kupita ku Blantyre ukapeza nambala yomweyo waisiya kunoyi. M'dziko muno mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini saika ndi mwini filing'i siteshoni. Amaika ndi a bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004, ndipo akangolengeza, mtengowo umakhala umodzi kuyambira ku Marka mpaka ku Chitipa. Zikwangwani ndiye n'zamitundumitundu, Puma, TotalEnergies, Petroda ndi ena, koma pa lita ulipira zofanana. Mtengo umene amalengezawo ndi malire oti wogulitsa asadumphe, ndipo phindu lake pa lita anamuyezera kale. N'lochepa moti sudzamuona akutsitsa yekha kuti akope makasitomala.

Mafuta onsewa amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Oitanitsa akuluakulu ndi NOCMA, kampani ya boma, ndi PIL, womwe ndi mgwirizano wa makampani ogulitsa mafuta. Mu ndalama imene umapereka pa lita muli mtengo wogulira kunjako, muli wa mayendedwe, mulinso misonkho ingapo: wokonzera misewu, wa magetsi akumidzi a MAREP, ndi thumba lothandiza kuti munthu wa ku Nsanje asalipire zambiri kuposa wa ku Limbe chifukwa chongokhala kutali ndi depoti. Chomalizachi n'chimene chimatipulumutsa ife akuchigwa. Pakanapanda chimenecho bwenzi funso lako lili ndi yankho, koma yankho lake lowawa: bwenzi kotchipa kuli kumtunda, kuno tikulira.

Chimene chimandiseketsa ine ndi ichi. Pa Dyeratu pomwe umaima kudikira makasitomala pali fakitale ya PressCane, yomwe kuyambira mu 2004 imapanga ethanol kuchokera ku molasesi wa nzimbe za kuno ku Nchalo. Ethanol ameneyu ndi amene amasakanizidwa ndi petulo wathu. Dziko lino linayamba kusakaniza kale mu 1982 ndi wa ku Dwangwa, ndipo mlingo umene boma limafuna ndi wofika magawo 20 pa 100 alionse. Ndiye kuti gawo lina la mafuta ali m'thanki mwakomo linamera m'minda yomwe timaidutsa pa M1, linakwera phiri kukasakanizidwa, n'kutsikanso, ndipo walilipira mtengo womwewo amalipira munthu wa ku Karonga amene sanaonepo phulusa la nzimbe likugwera pa zovala zoyanika. Nayo Beira ili pafupi ndi Nsanje kuposa ndi Blantyre, koma galimoto zonyamula mafuta zimazungulira ku Tete n'kudzalowera pa Mwanza. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafika pa Marka koyamba patapita zaka pafupifupi 40. Tinasangalala, koma ngakhale njanjiyo itamayenda tsiku ndi tsiku, chimene ingachite ndi kupepuza mtengo wa dziko lonse, osati wa Nsanje yokha.

Chimene chimasuntha mtengo ndi dola. Kuyambira mu 2012 pali dongosolo loti mtengo wofikitsira mafuta m'dziko muno ukasintha kupitirira magawo 5 pa 100, wapampu nawo usinthe, ngakhale kuti ndale zikatentha maboma amalizengereza dongosololi. Ukukumbukira Novembala 2023. Kwacha itangogwetsedwa ndi magawo 44 pa 100, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, ndipo kuchokera apo wakweranso. Palibe pampu imene inatsalira pa mtengo wakale poti ili kumudzi.

Mnzako wa ku Blantyre uja umuuze atenge cholembera. Kuchoka pa Dyeratu kukafika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo ukangodutsa pa Thabwa ndi chikweza chokhachokha, giya yachiwiri ndi yachitatu. Tiyerekeze kuti njinga yako imayenda makilomita 35 pa lita. Kupita ndi kubwera wawotcha malita pafupifupi atatu, kuti ukadzadze thanki yolowa malita khumi ndi pang'ono, pa mtengo womwewo. Ulendo wotero umamveka pokhapokha kuno kukauma kotheratu ndipo uli ndi kasitomala wolipira msewuwo.

Za m'mamawazo zili ndi kachoonadi kakang'ono kwambiri. Petulo amafufuma akatenthedwa, pafupifupi gawo limodzi pa 1,000 pa digiri iliyonse. Koma pa filing'i siteshoni mafuta amakhala m'mathanki okwiriridwa pansi, momwe kutentha sikusintha kwenikweni pakati pa m'mawa ndi masana, ngakhale mu Okutobala pamene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Titati asiyane ndi madigiri asanu, pa malita awiri amene umamwetsawo wapindula masipuni awiri a tiyi. Ngati ukudzuka m'bandakucha pothawa mzere ndi dzuwa, pamenepo ndiye mnzakoyo ndikumuvomereza.

Nkhani yaikulu ndi ya mabotolo, chifukwa ndi imene imandibweretsera njinga zambiri pansi pa nimu pomwe ndimagwirira ntchito pano pa Nchalo. Choyamba dziwa kuti masiku ambiri wam'botolo ndi wodula kuposa wapampu, pakuti venda naye anagula papampu pomwepo n'kuikapo yake. Ukamupeza wotsika mtengo kuposa wapampu, usathamangire kutsegula thanki. Dzifunse kuti phindu la munthuyu likuchokera kuti.

Ukaima pa kathebulo kake uona mabotolo atandandalikidwa, ena a Frozy, ena a madzi akumwa, ena a Sobo a malita awiri, pambali fanelo yodulidwa ku botolo linanso, chigubu cha malita 20 chili kuseri kwa chisakasa. Nyamula botolo limodzi uliyang'ane kunsi. Kawirikawiri upeza kuti thako lake analikankhira m'kati, kapena botolo lonse analiviika m'madzi otentha kuti likwinyike pang'ono. Pamaso likuoneka lodzadza mpaka m'khosi, koma lita sikukwana. Iye akuti "lita bwana", iwe n'kulipira ya lita. Botolo likamaperewera ndi mamililita 100, pa mabotolo khumi alionse limodzi wangomupatsa ulele. Akakutsitsirako K200 n'kukubera mamililita 100, werengera wekha pa mtengo walero amene wadyera mnzake masuku pamutu.

Muyeso ndi matenda aang'ono. Aakulu ndi kusakaniza. Palafini ndi wotsika mtengo kuposa petulo, ndipo akalowa m'botolo maso sangamuone. Njinga ikamwa wotero imavuta kulira m'mawa, ukakweza munthu injini imagogoda, utsi umanunkha koloboyi, pulagi imada bii. Zimenezo n'zoonekera. Chobisika n'chakuti palafini amene sanapse amatsikira m'mbali mwa pisitoni n'kukasungunula oyilo, ndipo oyilo wosungunuka sateteza chitsulo. Pakapita miyezi njinga yayamba kufuka, mphamvu yatha, mwini wake wabwera akuikankha kudzandiuza kuti Lifo ndi njinga yachabechabe. Ndikatsegula ndimapeza maring'i atatha, silinda itakandika. Ndalama ya zipangizo ndi ya ine mmisiri ikanamumwetsera papampu masabata angapo. Kwa iwe n'zopweteka kawiri, poti njingayo ndi ya bambo ako aang'ono, ndipo nkhani yake ikafika kumudzi isanafike kugaraji.

Kuyesa n'kosavuta, ndipo chida chake uli nacho poti ndiwe mwana wasukulu. Ng'amba kachidutswa ka pepala loyera m'kope, donthezapo madontho awiri, uliimike mumphepo kamphindi. Petulo weniweni amauluka osasiya kanthu. Pakatsala banga longa limene mandasi amasiya papepala, muli palafini kapena dizilo, bwezera botolo pathebulo. Venda wachilungamo sakwiya ndi zimenezi. Amene wayamba kukalipa kuti ukumuchedwetsa wakuyankha kale.

Palinso madzi ndi dzuwa. Ethanol amakoka madzi, ndiye petulo wokhala m'chigubu chosatseka bwino nthawi ya dzinja amayamba kuchita mbuu, kenaka madzi ndi ethanol zimakhazikika pansi, petulo pamwamba. Ukaimika botolo mphindi zingapo n'kuliyang'ana moloza kuwala, mzere wolekanitsawo umaoneka. Zapansizo ndi zimene zimayamba kulowa mu kabuleta, njinga n'kumatsokomola pakati pa msewu. Nalo botolo limene lakhala pathebulo kuyambira m'mawa padzuwa lathu lino lataya kale mbali yopepuka ya petulo, ija imathandiza injini kulira ukangoponda kamodzi. Pempha akuthirire kuchokera m'chigubu chimene chili pamthunzi, osati m'mabotolo oonetsera malonda.

Za ku Mozambique usazitenge ngati lamulo. Kumeneko mafuta amagula ndi metical, ndipo kutchipa kapena kudula kwake kumadalira kuti metical akukugulitsa bwanji osintha ndalama a pamalire, osati a kubanki. Pakhala nyengo zimene zigubu zimalowa kuno usiku kudzera m'njira zachidule, makamaka mapampu athu akauma. Pakhalanso nyengo, muja mtengo wathu unaima pa K2,530 kwacha ikugwa pamsika wamseri, pamene petulo wa ku Malawi ndi amene amatuluka kupita kwa anansi athu chifukwa ndiye anali wotchipa. Ndiye munthu akamati "uyu ndi wa ku Mozambique, ndi wamphamvu", dziwa kuti akuitanira malonda. Botolo silinena kwawo.

Sindikunyoza mavenda onse ayi. Lamulo limafuna kuti wogulitsa mafuta akhale ndi chiphaso cha MERA, ndipo iwo alibe, izo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti ukakhala m'kati mwa Chapananga, kapena kutsidya kwa Shire misewu ndi milatho itaduka monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mayi wapakati amafika kuchipatala ndi petulo wam'botolo. Akakakuponya kudera lotero, usagule kwa woyamba kumuona. Funsa akabaza a pamenepo kuti amamwetsa kwa ndani, chifukwa iwo anapsa kale ndipo amadziwa. Sankha venda wokhala ndi nyumba ndi ana m'mudzimo, amene mawa udzamupezanso. Yenda ndi botolo lakolako limene unaliyeza bwino n'kulemba mzere wa lita, akuthirire mmenemo iwe ukuona. Pothira m'thanki yala kansalu koyera pa fanelo kuti mchenga utsale.

Tsono tibwere kumene ndalama yako ikuthera. Mtengo wa lita sungausinthe, koma mtunda umene lita imakufikitsa uli m'manja mwako, ndipo pamenepo njinga ziwiri zofanana, zogulidwa tsiku limodzi, zimasiyana kwambiri. Akabaza ambiri amene ndimawafunsa kuti njinga yawo imayenda makilomita angati pa lita amangoti "imamwa bwino" kapena "ikumwa kwambiri masiku ano". Iwe ukuphunzira kuphunzitsa masamu, usakhale nawo m'gulu limenelo. Dzadza thanki mpaka pachitsulo cha pakhosi, lemba nambala ya mileji, gwira ntchito yako, udzadzenso mpaka pomwepo papampu yomweyo. Makilomita amene wayenda uwagawe ndi malita amene alowa. Ngati mileji inafa kale, monga zimakhalira ndi njinga zambiri, werenga maulendo a pakati pa Dyeratu ndi paboma, kapena foni yako ikuyezere mtunda. Nambala imeneyo uilembe kuchikuto cha kope. Ikadzatsika udzadziwa kuti njinga yadwala isanayambe kukuuza yokha.

Ukatero imika njinga pa sitandi yapakati, uzungulitse teyala lakumbuyo ndi dzanja. Likazungulira pang'ono n'kuima, pali chimene chikugwira: kaya buleki anaimangitsa kwambiri, kaya tcheni chauma ndi fumbi, kaya anachikoka mopitirira. Chilichonse mwa zimenezi injini imachilipira ndi petulo. Mpweya wa m'matayala uziyeza ndi geji, osati ndi chala. Anyamata ambiri amayenda ndi teyala lakumbuyo lofewa dala kuti lisamire mumchenga, n'kuiwala kupopa akabwerera pa tala.

Sefa ya mpweya ija timati eya kilina ndi imene imavutika kwambiri kuno. M'chilimwe fumbi la kuchigwa ndi lopyapyala, ndipo nthawi yodula nzimbe limabwera ndi phulusa. Siponji ikatsekeka injini imakoka mafuta ambiri mpweya wochepa, pulagi n'kuchita mwaye. Itsuke, iume bwinobwino, uipake oyilo pang'ono, uibwezere. Pali anyamata amene amaichotseratu amvekere njinga ikupuma bwino. Amenewo ndi makasitomala anga okhazikika, ndipo sindikufuna iwe ukhale mmodzi wa iwo. Pulagi yabwino nsonga yake imakhala yofiirira. Ikakhala yakuda ndi youma, mafuta akuchuluka: yang'ana ngati choki sinatsalire, ndipo ngati si choki pita kwa mmisiri akachune kabuleta.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi kampopi ka pansi pa thanki. Njinga ikagona usiku kampopi kali kotsegula, ndipo kasingano ka mu kabuleta katatha, petulo amadontha kudzera pa kapaipi kotayira. Sudzaona chithaphwi chifukwa kuno amauma asanafike patali. Udzangomva fungo m'mawa, n'kumaganiza kuti anzako ku hositelo akukupopera. Tseka kampopi nthawi iliyonse ukaimika njinga.

Zotsalazo ndi khalidwe. Kulizaliza injini pa siteji poitana makasitomala ndi kuwotcha ndalama uli chiimire, pomwe pakamwa uli napo. Kuthamanga 90 pa msewu wowongoka wa ku Bereu kumamwa kwambiri kuposa kuyenda 55 kapena 60, chifukwa mphepo imene ukulimbana nayo imakula msanga kuposa liwiro lako, ndipo ng'ombe za kuno sizidziwa hutala. Kukweza anthu atatu ndi thumba la chimanga kumaoneka ngati phindu mpaka tsiku limene masipoko aduka. Ndipo usadzayerekeze kuzimitsa injini potsika phiri kuti usunge mafuta. Pa makona a ku Thabwa giya ndi imene imathandiza buleki, ndipo buleki ikatentha yokha imasiya kugwira.

Koma ngati undifunsa chimene chimadya kwambiri akabaza, ndi ulendo wobwerera wopanda munthu. Ukatula kasitomala paboma n'kuthamangira ku Dyeratu wekha poganiza kuti kumeneko ndiye kuli anthu, ulendo umodzi waulipira petulo wa maulendo awiri. Dikira. Dziwa nthawi imene odwala amatuluka kuchipatala, imene minibasi za ku Blantyre zimatsitsa anthu, ndi masiku amsika. Gwirizana ndi anzako a pakoleji ndi aphunzitsi ako kuti azikuimbira foni, uzidziwiratu wopita ndi wobwera usanalize njinga.

Ku TP upite thanki ili yodzadza, ndipo ngati kwanu kuli njinga yakapalasa itenge. Chigwa chathu n'chathyathyathya, kuchoka kunyumba ya lendi kukafika kusukulu sikufuna injini. Yamotoyo izituluka tsiku lamsika, ndipo tsiku limenelo ukadutsa papampu udzadzenso.

FUNSO

Malume, ndimaphunzitsa pa koleji ina kuno kuchigwa ndipo ndimayendera kagalimoto ka Mira. Ndaona kuti ndikamwetsa pa filing'i siteshoni ina mafuta amatha msanga, pamene ndikamwetsa pa ina ndi ndalama yomweyo amandifikitsa Lachisanu. Kodi akundibera, kapena petulo wawo ndi wosungunula? Ndimachita manyazi kutsika m'galimoto kukayang'ana pampu chifukwa anyamata ena omwetsawo ndinawaphunzitsapo.

Mayi mphunzitsi, Nsanje

YANKHO

Mayi, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Tsikani m'galimotomo. Ngati munawaphunzitsadi bwino sadabwa kukuonani mukuwerenga manambala.

Muyang'ane kuti pampu yayambira pa ziro. Kabedwe kodziwika kwambiri sikafuna luso: wa kabaza wamwetsa za K3,000, mnyamata sabwezera paipi pamalo pake, amangoilowetsa m'galimoto mwanu n'kupitiriza kuchokera pomwepo. Inu mukuona pampu yaima pa ndalama imene munatchula, koma K3,000 yoyambayo yapita m'thumba mwake. Muyang'anenso kawindo kosonyeza mtengo wa lita ngati kakugwirizana ndi umene MERA inalengeza, ndi chizindikiro chimene a Malawi Bureau of Standards amamata akayeza pampu. Lisiti muzilitenga nthawi zonse ngakhale mwamwetsa zochepa.

Komabe musanaloze munthu chala, dziwani kuti muvi wa geji ya mafuta si mboni yodalirika. Umasintha malinga ndi mmene galimoto yaimira, ndipo pa galimoto zambiri theka lakumwamba limachedwa kutsika kuposa lakumunsi. Masabata nawo safanana. Sabata imene mwayenda maulendo afupiafupi masana, eyakoni ili yoyatsa, mukudikira munthu injini ikulira, kagalimoto ka injini yaing'ono ngati kanuko kamamwa moonekera. Nawonso mlingo wa ethanol umasiyana nyengo ndi nyengo malinga ndi kupezeka kwake. Ethanol ali ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo, ndiye petulo wa magawo 20 amakufikitsani pafupi pang'ono kuposa wa magawo 10. Koma kusiyana kwake ndi magawo atatu kapena anayi pa 100, osati kotha tsiku lathunthu pa sabata.

Chitani chonchi. Mukapeza ndalama yokwanira dzadzani thanki pa siteshoni yoyamba mpaka paipi itadula yokha koyamba, musalole zoti azigwedeza galimoto n'kuonjezera. Bwezerani mileji yaing'ono ija pa ziro, yendani monga mwa masiku onse, mukadzadzenso pomwepo n'kulemba malita ndi makilomita. Muchitenso chimodzimodzi pa siteshoni yachiwiri. Ngati pa ina mukulipira malita ambiri pa mtunda wofanana, ndipo zabwereza, ndiye kuti muli ndi umboni. Yambani ndi manijala wa pamalopo, malisiti ali m'manja. Akakuyankhani mwachipongwe, nkhani ya muyeso ndi ya a Bureau of Standards, ya ubwino wa mafuta ndi chiphaso ndi ya MERA, ndipo a Competition and Fair Trading Commission amalandiranso madandaulo a ogula.

Chimodzi chokha chimene ndimachita nacho mantha kuno kwathu ndi madzi osefukira. Akadutsa pa siteshoni amatha kulowa m'mathanki apansi aja. Eni ake osamala amapaka phala lapadera kunsonga ya ndodo yoyezera, lomwe limasintha mtundu likakhudza madzi. Mvula ikavuta, musachite manyazi kufunsa ngati ayeza musanamwetse.

FUNSO

Malume, ndili ndi nyumba za lendi pafupi ndi koleji ina ndipo mumakhala ana asukulu. Posesa pakhonde ndinamva fungo la petulo, nditafunsa anyamata a chipinda chinacho anati akusunga zigubu ziwiri pansi pa bedi podikira kuti mtengo ukakwera kapena mafuta akasowa adzagulitse apeze fizi. Ndi ana aulemu ndipo lendi salephera. Ndiwaletse?

Mayi landilodi, Chikwawa

YANKHO

Achemwali, aletseni lero, dzuwa lisanalowe. Fungo limene mwamvalo ndi nthunzi ya petulo, ndipo chimene chimayaka ndi nthunziyo. Ndi yolemera kuposa mpweya, ndiye siikwera kudenga kuti ituluke pa mpata wa malata. Imayenda pansi, kudutsa kunsi kwa chitseko, mpaka itapeza mbaula ya mnzawo wophika pakhonde, kandulo magetsi akazima, kapena kasipaki ka soketi yotchajira foni. Moto ukagwira kumeneko umabwerera m'njira yomweyo mpaka pansi pa bedi. M'chipinda cha malata mu Novembala chigubu cha pulasitiki, makamaka chija munali mafuta ophikira, chimafufuma n'kumatulutsa nthunzi pa chitsekero usana ndi usiku, anawo akupuma zomwezo ali m'tulo. Ndipo moto wa petulo suzima ndi madzi. Petulo amayandama pamwamba pa madziwo n'kufalikira nawo chipinda chonse. Chozimitsira chake ndi mchenga kapena dothi, ngati pali nthawi yoti munthu n'kutapa.

Nayo bizinesi yawoyo siyolimba monga akuganizira. Petulo wokhala m'chigubu masabata ambiri kuno kotentha amachepa, amataya mphamvu, amakoka madzi, moti tsiku logulitsa adzagulitsa mafuta ofooka kwa anthu owadziwa. Kugulitsa mafuta popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo mafuta akasowa MERA yakhala ikuletsa ngakhale kumwetsera m'zigubu popanda chilolezo. Apolisi akabwera adzafunsanso mwini nyumba.

Musawathamangitse, poti mwati ndi ana aulemu. Aitaneni pakhonde muwauze kuti zigubuzo zituluke, atsegule mawindo ndi chitseko, ndipo pasayatsidwe moto pafupi mpaka fungo litatha. Mafutawo awagulitse kwa akabaza pa mtengo umene anagulira abweze ndalama yawo. Ngati pali wina mwa iwo ali ndi njinga ndipo akuopa kusowa kwa petulo, asunge m'thanki ya njingayo, kampopi katatsekedwa, njinga ili panja pamthunzi.